Envelopu Kuseri kwa Kalilole

1. Tayi pakati pa utuchi

Likulu la dziko litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, aliyense wodziwa kugwira sowo anaona ngati Mulungu wamukumbukira. Ku City Centre maofesi ankangomera. Ku ma Area nyumba zatsopano zinali mbwee, ndipo iliyonse inkafuna zitseko, mipando ndi makabati.

Kuseri kwa msika wa ku Old Town, cha ku Malangalanga, a Chikaonda anali ndi shedi yawo ya matabwa. Anayamba ndi benchi limodzi pansi pa mtengo wa mango. Pofika chaka cha 1976 anali ndi amisiri asanu, makina ochekera matabwa, ndi chikwangwani chachikulu chonena kuti pamalopo tsopano ndi pa kampani yolembetsedwa ku boma.

Wamng'ono pa amisiri onsewo anali Redson Zikhale, mwana wa mlongo wawo wa a Chikaonda. Anachokera ku Mitundu ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sukulu atailekezera Sitandade 7. Anayamba n'kusesa utuchi. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi, kabati ikatuluka m'manja mwake chitseko chake chinkatseka bwinobwino osachikankha, ndipo amisiri a imvi ankabwera kudzasuzumira mmene walumikizira makona.

Kwathu kuno tonse tikudziwa kuti mwana wa mlongo ndiye amaima kumbuyo kwa malume wake. Munda, njinga, ngakhale dzina limene, zimapita kwa iyeyo. Redson sankazinena zimenezi. Koma mayi ake, a Naphiri, ankamukumbutsa nthawi iliyonse akapita kumudzi kuti agwire ntchito ndi mtima wonse, chifukwa shedi ija mawa ndi yake.

Ndiye kunabwera Lexon.

Lexon anali mwana wobereka okha a Chikaonda, wongomaliza kumene Folomu 4. Bambo ake anamupatsa tebulo pakona, makina otayipira ndi mafayilo atatu. M'mawa ankabwera atavala tayi. Tayi, pakati pa utuchi! Thabwa la mlombwa ndi la mkungudza sankatha kuwasiyanitsa, koma anthu ochokera ku Zomba akatsika m'galimoto zawo ankalunjika kwa iye, n'kumamutchula kuti bwana wamng'ono. Koma Redson, anthuwo ankangomudutsa ngati thabwa lotsamira khoma.

Kunena zoona, Lexon sanali mwana woipa. Ankangochita zachisuweni, monga amachitira asuweni kulikonse. Ankamutchula Redson kuti “asuweni a utuchi m'mutu”, n'kumalonjeza kuti adzamupezera mkazi wosaopa fungo la vanishi. Kale Redson ankabweza mpaka Lexon kusowa chonena. Masiku amenewa ankangoonetsa mano, mtima uli kwina.

Chinkamuwawa kwambiri n'chimene chinachitika chaka chapitacho. Polembetsa kampani, amalume ake anamuitanira kuseri kwa shedi, nayala mapepala a Chingerezi pa thabwa.

“Sayina apa ndi apa, mphwanga,” anatero a Chikaonda. “Koma usakazinene kunyumba izi.”

Redson anasayina osafunsa. Tsopano, poona tebulo ndi tayi, anadziuza yekha kuti wamvetsa. Tsiku lija anangomuimika ngati mboni, shedi ikuperekedwa kwa Lexon.

2. Lisiti la m'thumba la jekete

Mwezi wa Meyi, a Chikaonda ndi Redson anakweza tebulo ndi mipando isanu ndi umodzi pa kalole kahayala, ulendo wa ku Area 12. Kumeneko kunkakhala a Donald Nyirongo, munthu wa ku Rumphi, wowerengera chuma m'boma, amene anasamuka limodzi ndi ofesi yawo kuchokera ku Zomba. Nyumba yawo inali pakati pa bwalo loti kumudzi mungalimepo chimanga cha banja lonse. Mitengo inali isanakule, dothi lofiira lili pamtunda.

Akazi awo, Mayi Tabitha, anasisita tebulo lija n'kuitanitsa pomwepo lina la kuchipinda, lokhala ndi kalilole. A Nyirongo analipira, nalandira lisiti. Ataona chidindo cha kampani anavula magalasi, nafunsa ngati a Chikaonda akonzekera fomu ya msonkho, popeza chaka choyamba cha kampaniyo chinali chitatha.

A Chikaonda anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kalisiti kopindapinda kamene amuna masiku amenewo sankayenda osakatenga. Anati iwo chibadwire sanathawepo msonkho, ndipo wa chaka chino analipira kalekale. Za kampani panalibe chonena, anatero, chifukwa phindu lonse linalowa m'makina ochekera aja.

A Nyirongo sanaseke nawo. Anawapatsa mpando umodzi mwa mipando yatsopano ija.

“Khalani pansi kaye, a Chikaonda. Lisiti ili ndi la mutu wanu, inuyo. Kampani si inu ayi. Tsiku lija munailembetsa, munabereka mwana wina amene boma limamuwerenga payekha. Ali ndi dzina lake, nambala yake, ndi msonkho wakewake. Chaka chikatha, kampani iyenera kudzaza fomu, kunena zimene yagulitsa, zimene yagula, malipiro a antchito, ndi zimene zatsala. Msonkho umachokera pa zotsalazo. Mukuti simunapindule. Chabwino, lembani zomwezo. Makinawo ali ndi malo ake pa fomupo, bola lisiti lake musunge. Fomu si ya opindula okha. Ngakhale shedi itakhala yotseka chaka chathunthu, fomu imapita basi.”

A Chikaonda anafuna kulankhula, koma a Nyirongo anakweza dzanja.

“Sindinamalize. Mukangokhala chete, a misonkho sabwera kudzakufunsani kuti zinayenda bwanji. Adzaona chikwangwani chanu chija, adzaona nyumba zikumangidwa mu Lilongwe muno, n'kulemba okha zimene akuganiza kuti munapeza. Pamwamba pake n'kuika chindapusa. China ndi ichi, ndipo muchimvetse. Kampani iliyonse ili ndi munthu mmodzi amene analembedwa kuti ndiye woiyankhira pa za msonkho. Zikavuta, saitana chikwangwani, amaitana iyeyo, ndipo dzina lake ndilo limadetsedwa. Ku Zomba ndinkasoketsa kwa telala wina waluso kwambiri. Makalata a boma ankangowaika pansi pa makina, ati adzawerenga Loweruka. Ndinadzaona ndi maso angawa makina ake atatu akukwezedwa pa lole, ana ake ataima pakhonde. Munthu uja sanabe kanthu. Anangochedwa kuyankha.”

Anawauzanso kuti fomuyo idzabwera pa positi, mu envelopu yaitali yakhaki yokhala ndi chidindo cha boma, ndipo ikafika asaigoneke, chifukwa masiku ake ndi owerengeka.

A Chikaonda anathokoza, nabweza kalisiti kawo m'thumba pang'onopang'ono. Anati za mapepala zonse ali nazo Lexon, ndipo akamuuza tsiku lomwelo kuti azidikira kalatayo.

Redson anali atakhala pamwala cha pakhomo, chingwe chomangira mipando chili m'manja. Za telala zija sizinamukhudze. Anatola mawu amodzi okha: amaitana iyeyo. Ndipo iyeyo angakhalenso ndani, ngati si mwini tayi?

3. Misomali khumi ndi iwiri

Kiyi wa bokosi la ku positi ofesi ankasunga ndi Redson. Lachiwiri ndi Lachisanu ankapita pa njinga kukagula misomali ndi guluu, pobwerera n'kudzera ku bokosi. Inali ntchito yake kuyambira Lexon ali m'kabudula wa sukulu.

Lachisanu lina mu Juni anapezamo makalata atatu. Awiri anali wamba. Yachitatu inali yaitali, yakhaki, yonenepa, chidindo cha boma chili pakona. Pamwamba panangolembedwa dzina la kampani. Redson anaiika mkati mwa shati kuti isagwe panjira. Mpaka pamenepa analibe mlandu.

Atafika pa shedi anapeza galimoto yaima. Kunali kontilakitala wina amene ankamanga sukulu ku Area 18, ndipo ankafuna madesiki mazana awiri. Ntchito yotere inali isanagwepo pa shedi ya a Chikaonda. Munthu uja ankazungulira desiki yachitsanzo, kuigwedeza, kuikhalira, kuigogoda pansi. Desikiyo anaipanga ndi Redson, masiku atatu osapuma.

“Wapanga iyi amadziwa ntchito,” anatero kontilakitala uja.

A Chikaonda anamwetulira, naika dzanja paphewa la Lexon. Anati mwana wawoyu ndiye alembe zonse za mitengo ndi masiku. Kenaka anaona Redson ali chiimire ndi njinga, namutuma kuti athamange ku golosale akagule zoziziritsa kukhosi za alendo.

Anapita. Anabwera nazo. Anatsegulira aliyense botolo lake, iye n'kubwerera ku benchi lake chimanjamanja.

Galimoto itachoka, Lexon anabwera akuimba mluzu, nafunsa ngati ku bokosi kunali kanthu. Redson anamupatsa makalata awiri aja.

“Basi, asuweni?”

“Basi.”

Tisazungulire, inali nsanje. Si kuiwala, si kusadziwa. Redson ankafuna tsiku limodzi lokha loti amalume ake amuone Lexon mmene iye ankamuonera, mwana wa tayi wosatha ntchito. Ankafuna a misonkho adzaitane dzina la Lexon anthu onse akumva.

Koma envelopu ija inamuvuta. Kuiotcha ankaopa, chifukwa cha chidindo cha boma. Kuitaya kudzala sakanatha, popeza pamsika ponse ankalidziwa dzina la a Chikaonda, wina akanaitola n'kuibweretsa. Kunyumba ku Mchesi ankagona chipinda chimodzi ndi Lexon yemweyo.

Pa benchi pake panali tebulo la Mayi Tabitha, litatsala kumangirira kalilole basi. Kalilole akamuika m'felemu, kumbuyo kwake amatsekako ndi kathabwa kopyapyala. Anzake atapita kukadya masana, Redson anagoneka envelopu ija pamsana pa kalilole, navundikira kathabwa, nakhomera timisomali khumi ndi tiwiri. Kathabwa kanatukuka pang'ono pakati. Iye anakaona, ndipo tsiku lina lililonse akanazula n'kuyambiranso. Tsiku limeneli anangopakapo vanishi.

M'mawa mwake tebulo linapita ku Area 12.

4. Mbatata ya pa benchi

Juni anatha, Julayi anadutsa ndi chisanu chake, Ogasiti anabwera ndi fumbi. Lexon ankafunsabe za kalata ya msonkho Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse, Redson n'kumapukusa mutu. A Chikaonda anayamba kubwerera ku maganizo awo akale. Ankati a Nyirongo ndi munthu wabwino koma wophunzira mopitirira, boma likudziwa kuti shedi sinapindule, n'chifukwa chake silinalembe. Lexon anapempha kawiri kuti apite yekha akafunse ku ofesi, bambo ake n'kumukaniza, ati munthu sadziitanira yekha a misonkho.

Mpata wokonza zinthu unabwera, ndipo unabwera wokha mpaka pa benchi.

Tsiku lina masana Lexon anafika ndi mbatata ziwiri zootcha m'pepala, nakhala pa mulu wa matabwa osasamala za thalauza lake. Anamupatsa Redson yaikulu. Sananene za utuchi m'mutu. Anati mapepala a kampani akumuopsa, zambiri kusukulu sanaphunzire, ndipo usiku amalota mafayilo. Anati iye mtima wake uli pa za mankhwala, akufuna akaphunzire ku Blantyre akapeza malo. Kenaka anatola kachidutswa ka thabwa, nakanunkhiza, nafunsa ngati ndi mkungudza.

Unali mlombwa. Redson anaseka, kuseka kwenikweni koyamba m'miyezi itatu. Anamuonetsa mmene mitengo iwiriyo imasiyanirana mtundu ndi fungo. Mawu anafika pakamwa. Akanangonena kuti asuweni, ndinalakwa, tiyeni ku Area 12.

Nthawi yomweyo panja panaima galimoto, mayi wina natulutsa mutu pawindo kufunsa ngati bwana wamng'ono alipo. Lexon anadzuka, nakonza tayi, nathamangira komweko. Redson anameza mbatata yake pamodzi ndi mawu aja.

5. Mesenjala

Mu Okutobala kontilakitala uja anabweranso, nati ntchito ya madesiki ndi yawo, koma ankafuna chinthu chimodzi pofika Lachisanu: kalata yosonyeza kuti kampani ilibe mlandu wa msonkho. Anati iye sapereka ntchito yaikulu kwa anthu oti mawa makina awo angalandidwe madesiki ali pakati. A Chikaonda anati zimenezo n'zazing'ono.

Lachitatu m'mawa kunafika mesenjala wa yunifolomu pa njinga, napereka kalata pamanja, nasayinitsa m'buku. Lexon anaiwerenga ataima, ndipo nkhope yake inagwa. Zonse zimene ananena a Nyirongo zinali mmenemo. Kampani sinabweze fomu imene inatumizidwa mu Juni. A misonkho anayerekeza okha phindu, nalemba msonkho woti shedi ikanafunika kugulitsa makina kuti iulipire, chindapusa chili pamwamba. Woyankhira kampani ankafunika ku ofesi m'mawa mwake.

A Chikaonda si munthu wokalipa, koma tsiku limenelo amayi ogulitsa tomato kumsika anamva. Sowo zonse zinaima. Anamufunsa Lexon kuti ndalama za fizi zaka zinayi zinapita kuti. Anamufunsa ngati tayi ndiyo inaphimba maso ake. Anati ntchito anamupatsa imodzi yokha, yosunga mapepala, ndipo waitaya ngati mwana wa Sitandade 1.

Redson anaweramira pa benchi lake. Kunena mosabisa, zinamukomera. Kwa kanthawi kochepa mtima wake unazizira ngati wamwa madzi a mumtsuko.

Lexon analumbira kuti fomu sinafike pa tebulo pake. Anatsegula mafayilo onse atatu. Anati kalata iliyonse imene asuweni amabweretsa amailemba tsiku n'kuisunga.

“Usamulowetsemo Redson,” anadula a Chikaonda. “Zaka zisanu ndi chimodzi, mwana ameneyu sanatayepo ngakhale msomali umodzi.”

Lexon anayang'ana msuweni wake kamodzi kokha, nabweza mafayilo pamalo pake. Kukoma kuja kunathera pomwepo.

Madzulo akuweruka, a Chikaonda anamuuza Redson kuti mawa avale shati yoyera, apita limodzi ku City Centre. Lexon atsale.

6. Dzina la m'fayilo

Anakwera basi ya m'mawa, kuwoloka mtsinje wa Lilongwe, kudutsa tchire limene linkalekanitsa tauni yakale ndi yatsopano. Redson ananyamula chikwama cha malisiti pamiyendo. Ankaganiza kuti amutengera chimenecho, kunyamula chikwama. Mwinanso, anadziuza, amalume ayamba kuona amene ali wodalirika.

Ku ofesi ya misonkho anadikira pa benchi mpaka dzuwa kukwera. Kenaka mayi wina wa pa kauntala anawaitana, natsegula fayilo. Anali mayi wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono ngati mphunzitsi. A Chikaonda anayamba kufotokoza, koma mayi aja anawapempha kuti adikire. Anati ayenera kulankhula ndi woyankhira kampani.

“Redson Zikhale ndi ndani?”

Redson anacheuka kumbuyo, ngati kuti pa benchi pangakhale Redson Zikhale wina. Mayi aja anatembenuza fayilo kuti aone. Pansi pa pepala panali siginecha yake, yokhotakhota, imene anasayina pa thabwa kuseri kwa shedi. Pa pepala lina panali mayina a eni kampani. Anali awiri okha, a Chikaonda ndi iyeyo. Dzina la Lexon munalibe paliponse.

Mayi aja anamufotokozera bwinobwino. Buku lawo linkasonyeza tsiku limene fomu inatumizidwa ndi nambala ya bokosi. Anamupatsa fomu ina, nati abwere nayo pasanathe masabata awiri pamodzi ndi mabuku ndi malisiti onse. Zikaoneka kuti kampani sinapinduledi, chiwerengero choyerekeza chija chikhoza kusintha. Koma ayeneranso kulemba kalata, ndi dzanja lake, yofotokoza chifukwa chimene fomu yoyamba sinabwerere. Akalephera, nkhani ipita kukhoti m'dzina lake. Kalata imene ankafuna kontilakitala ija sakanaipereka mlandu uli chitsegukire.

Madesiki mazana awiri anapita choncho.

Anatuluka. Panja dzuwa linkaswa mtengo, magalasi a mabanki atsopano akuthobwa m'maso. A Chikaonda anakhala pa kakhoma ka maluwa, navula chipewa, namuuza Redson kuti akhale pafupi.

“Mphwanga, sindinkafuna uzimve chonchi. Ndinkadikira Januwale, Lexon akapita kusukulu yake, kuti ndikukhazike pansi pamodzi ndi mayi ako. Ukudziwa mmene zilili m'tauni masiku ano. Akazi athu akuti chuma n'cha ana obereka, abale athu akuti n'cha ana a mlongo, ndipo nyumba zambiri zapasuka pa maliro chifukwa cha zimenezi. Ine ndinati ndisasiye mkangano. Ndinalemba dzina lako pa pepala la boma, loti wina asadzalifufute ine nditagona. Kunyumba ndinabisa chifukwa mayi ake a Lexon ndinkafuna ndiwakonze mtima pang'onopang'ono. Ndinakutuma zoziziritsa kukhosi, ndinakusiya ku benchi, dala, kuti anthu asayambe kunong'ona nthawi isanakwane. Mwini shedi ya matabwa ayenera kukhala munthu wodziwa thabwa. Tayi ija ndi yodutsa.”

Redson anafunsa ngati Lexon akudziwa.

“Kuyambira tsiku loyamba. Mafayilo amasunga ndani? Ndinkaopa kuti akhumudwa, koma anandiseka. Anati shedi ndi ya asuweni, ine matabwa sindiwamva. Anati akhala miyezi ingapo akonze mabuku, kuti iwe udzawapeze oyera. Ndi zimene zikundiwawa. Ndinamukhulupirira ndi dzina lako, ndipo walidetsa usanayambe n'kuligwiritsa ntchito komwe.”

A Chikaonda anapukuta m'maso ndi chipewa. Munthu wamkulu, wa imvi, pakati pa City Centre, anthu a masuti akudutsa.

“Undikhululukire, mphwanga. Mwana wanga wakulakwira.”

Redson anagwira chikwama cha malisiti ndi manja awiri. Akanakonda amalume akanamumenya mbama. Manyazi anamugwira mpaka m'mafupa. Anatsegula pakamwa kawiri, koma basi inafika, a Chikaonda nadzuka kuithamangira.

7. Pa msomali wa pinchesi

Anafika pa shedi dzuwa litapendeka. Sowo zinkalira monga mwa masiku onse, koma tebulo la pakona linali lopanda munthu, makina otayipira atavundikiridwa ndi nsalu.

A Bauleni, mmisiri wamkulu pa onse, anasiya ntchito nabwera kudzafotokoza. Anati m'mawa, iwo atangochoka, kunabwera uthenga wochokera kwa Mayi Tabitha ku Area 12. Kalilole wa tebulo lija wayamba kugwedera. Kathabwa ka kumbuyo katukuka, misomali ina yadzuka, ngati kuti mkati muli chinthu chikukankha.

A Chikaonda anayang'ana Redson modabwa. Anati tebulo limenelo anapanga ndi iyeyo, ndipo sanapangepo chinthu chogwedera.

A Bauleni anapitiriza. Anati iwo anamuuza Lexon kuti adikire Redson abwere, koma Lexon anakana. Anati asuweni ali ndi mavuto okwanira lero chifukwa cha iye, ndipo popeza za mapepala zamukanika, bola ayambe kuphunzira za manja. Anafunsa mmene amazulira kathabwa osaswa kalilole. A Bauleni anamuonetsa, ndipo mnyamatayo ananyamuka ola limodzi lapitalo.

Redson anathamangira kuseri kwa shedi. Njinga yake panalibe. Anabwerera ku benchi lake, nayang'ana pakhoma pamene amapachika zida. Pa msomali wa pinchesi, chida chake chozulira misomali, panalendewera tayi.

Kuchokera ku Malangalanga kukafika ku Area 12 pa njinga ndi ulendo wosakwana ola. Ndipo timisomali khumi ndi tiwiri sitichedwa kuzuka.